Ku Daspoort, wodwala mmodzi amasonkhanitsa ophunzira

Mwezi wa Okutobala ukafika, misewu ya mu Pretoria imachita chibakuwa ndi maluwa a jakaranda, ndipo alendo ambiri amathamangira ku Union Buildings. Ndi ochepa amene amalowera chakumadzulo, ku Daspoort, dera la anthu opeza movutikira. Kumeneko kuli kachipatala kamene ophunzira zaudokotala a pa University of Pretoria anakhazikitsa mu 1964.

Kachipatalaka sikapatsa chidwi poyang'ana kunja. Chachilendo chili m'kati: ophunzira ntchito zosiyanasiyana zaumoyo ndi zachisamaliro cha anthu amakumana pa wodwala mmodzi, aphunzitsi awo akuyang'anira.

Tiyerekeze agogo amene anafa ziwalo mbali imodzi chifukwa cha sitiroko. Wophunzira udokotala amayeza kuthamanga kwa magazi. Wa mafizo amaona ngati mwendo ungalimbenso. Wothandiza kulankhula amazindikira kuti agogowo akutsamwa pomeza, nachenjeza wa zakadyedwe kuti chakudya chikhale chofewa. Wa zachisamaliro cha anthu amafunsa zimene ena aiwala: kodi kunyumba amawaphikira ndani, nanga yokwerera minibasi aitenga kuti? Aliyense akagwira payekha, agogo angabwerere kwawo ndi mapiritsi amene sangathe kumeza. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Nzeruyi mizu yake ndi yakale m'dzikoli. Mu 1940, madokotala Sidney ndi Emily Kark anayamba ntchito ku Pholela, m'chigawo cha Natal, kumene madokotala, anamwino ndi alangizi azaumoyo ankagwirira limodzi mpaka m'makomo mwa anthu. Mu 2010, bungwe la WHO linatulutsa ndondomeko yolimbikitsa kuti ophunzira zaumoyo aziphunzira pamodzi, wina kwa mnzake, asanayambe ntchito.

Nkhaniyi ikukhudzanso Malawi. Mu 2021, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizidwa kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Komabe kukhala pa sukulu imodzi sikokwanira. Ulemu pakati pa dokotala ndi namwino umaphunziridwa pambali pa wodwala, pamene wina avomera kuti mnzake waona chimene iye sanaone.

Dzuwa likapendeka ku Daspoort, ophunzirawo amabwerera kumakalasi awo osiyana. Chimene atenga n'chakuti pa tsiku la vuto adzadziwa woti amuitane, ndiponso adzamumvera.