Tsikirani ku Chuanga mukaone nyanja yanu

KODI inu a mu Lichinga muno munafikako liti kunyanja? Ndafunsa dala, chifukwa alipo anthu ambiri m'tauni muno amene usipa amangoudziwira pa mulu wa pamsika, chonsecho madzi amene usipawo umachokera ali pa ulendo wa maola awiri kapena atatu okha pa chapa.

Mwana wanga wamwamuna wa zaka 11 anali mmodzi wa anthu otere, ndipo wolakwa ndine. Chaka chilichonse ndinkati tipita chaka chamawa. Tsono amayi anga, amene amakhala kufupi ndi Messumba, anatumiza mawu akuti maso awo ayamba kuchita nkhungu, ndiye ndibwere naye mdzukulu wawoyo amuone asanaleke kuona. Apa panalibenso zozengereza.

Tinanyamuka m'mamawa titavala majekete, poti kuzizira kwa Lichinga nonse mukukudziwa. Tauni yathuyi ili pamwamba, mamita opitirira 1,300, pamene nyanja ili pansi pa mamita 500. Kukafika ku Metangula ndi makilomita opitirira 100. Mukadutsa Maniamba msewu umayamba kutsetsereka mokhotakhota, makutu amatseka, thukuta nkuyamba, kenaka pakona ina mumangoona madzi ali nganinganii mpaka komwe maso alekezera. Mnyamata wanga anakhala chete kanthawi, kenaka nkufunsa kuti, "Ababa, tsidya lake lili kuti?" Ndinamuuza kuti tsidyalo ndi Malawi, ndipo kukakhala kopanda chifunga mapiri ake amaoneka madzulo dzuwa likamalowa.

Pa Metangula musachedwepo kwambiri. Onani msika, onani doko, basi. Atsamunda ankapatchula kuti Augusto Cardoso, ndipo m'zaka za m'ma 1960 anaikapo asilikali awo apamadzi ndi maboti ankhondo amene anachita kuwanyamula pa sitima ya pamtunda ndi pa malole kuchokera kunyanja ya mchere. Akuluakulu a kumeneko nkhani imeneyi amaifotokoza bwino kuposa ine.

Malo enieni ochezera ndi Chuanga, makilomita 8 chakumpoto. Mchenga wake ndi woyera ndiponso wautali, madzi ndi oyera mbee moti munthu ataima mpaka m'chiuno amaona zala za kumapazi kwake. Alipo malo ogona ndi odyera, koma amene m'thumba mwawo muli mopepuka angathe kufika m'mawa ndi mphasa ndi kamba wawo nkubwerera madzulo.

Kusamba ndiye choyamba. Koma pano ndinenepo ngati mwana wa kunyanja. Musasambe pamene pali bango ndi madzi odikha, chifukwa mpamene pamakhala nkhono za likodzo, ndipo kumathiriro a mitsinje kumapezeka ng'ona. Funsani eni mudzi kuti ana awo amasamba pati, inunso sambani pomwepo. Chinanso ndi mwera, mphepo ya kumwera imene imavuta kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Nyanja ikhoza kukhala bata pa 8 koloko, pofika 10 koloko mafunde ali msinkhu wa munthu. Msodzi akakana kukukwezani m'bwato, musamunyengerere ndi ndalama. Anthu a m'tauni tili ndi kakhalidwe koyesa kuti chilichonse chili ndi mtengo wake.

Chimene ine ndimakonda koposa sichilira ndalama ngakhale imodzi. Khalani pamchenga kukada, makamaka masiku a mdima pamene mwezi kulibe. Mudzaona nyali zitandandalika pamadzi ngati tauni ina yamera pakati pa nyanja. Amenewo ndi asodzi a usipa. Nyali imakopa usipa, ukasonkhana anzawo amauzinga ndi chilimira. M'bandakucha pitani pomwe amakocheza, mukaone amayi ndi mabeseni akutsutsana mitengo, ena akuyanika pa thandala. Gulani wauwisi, akuphikireni ndi tomato, mudyere nsima ya chinangwa. Mukadzabwerera ku Lichinga mudzauyang'ana mwina usipa wouma uja.

Koma m'mawa womwewo ndinaona chinthu chimene chinandiwawa. Chakumapeto kwa gombe anyamata awiri ankakoka neti ya udzudzu m'madzi osaya, ndipo m'menemo munali tiana ta nsomba tosafika ngakhale chala chaching'ono. Msodzi wina wachikulire amene ndinaima naye anangopukusa mutu nkunena kuti pa unyamata wake chambo ankachipha pafupi pomwepa, lero amapalasa mpaka manja kutupa. Boma linalengeza mbali ino ya nyanja kukhala malo otetezedwa m'chaka cha 2011, ndipo m'midzi muli makomiti a asodzi oyang'anira zimenezi. Komabe ndikanena chilungamo, anyamata aja ndinalephera kuwadzudzula, poti kabeseni kawo kanali ndiwo za tsiku limenelo. Chomwe mlendo angachite ndi kukana kugula tiana totere ngakhale atatsitsa mtengo chotani.

Kuchokera ku Chuanga, Messumba si patali, munthu wamphamvu zake akhoza kuyenda pansi. Mishoni imeneyi ndi ya mpingo wa Anglican, yochokera ku ntchito ya amishonale a UMCA amene anafika m'mbali mwa nyanja muno m'zaka za m'ma 1880. Kunali sukulu ndi chipatala zimene zinatchuka m'Niassa monse, ndipo ambiri amene analowa nkhondo yomenyera ufulu itayamba mu 1964 anaphunzira kuwerenga pamenepa. Lowani m'tchalitchi Lamulungu mukamve Chinyanja chikuimbidwa. Mukachita mwayi nkufika nyengo ya chilimwe anthu atakolola, mudzapeza mganda, amuna atavala zoyera akuvina m'mizere ngati asilikali uku akuliza zipenga za zikho, amayi nawo ali ndi chioda chawo. Amene alibe masiku awiri apite ku Meponda, kumene ndi kufupi, makilomita ngati 60 kuchokera m'tauni muno.

Kwa amayi tinafika dzuwa litapendeka. Anamugwira mnyamata uja kumaso ndi manja onse awiri, nkumuyandikitsa pafupi kwambiri kuti amuone. Anamufunsa m'Chinyanja ngati wasamba m'nyanja, iye nkuyankha m'Chipwitikizi. Amayi sananene kanthu kwa iye, anangotembenukira kwa ine, ndipo ndinayang'ana pansi.

M'mawa mwake ndinawapeza awiriwo ali pakhonde ndi lichero la nsomba pakati pawo. Agogo ankatola imodziimodzi, kuipapasa ndi zala, nkutchula dzina: utaka, ncheni, kampango, mbaba. Mdzukulu ankabwereza. Pa ncheni analakwitsa katatu, agogo ake nkumuseka mpaka kutsokomola.