Kunsi kwa Hilux ku Biwi

Msewu wa M1 ukamachoka m'tauni ya Lilongwe kulowera ku Dedza, Biwi Triangle imayamba kumveka m'makutu maso asanaione. Nyundo zikusula chitsulo, owotcherera akuthwanitsa moto, wina akupondereza injini yopanda ekizozi kuti mwini wake amve kuti yadzuka. Mukangokhota kusiya tala, dothi limasintha mtundu: lakuda bii, lonata ku nsapato, chifukwa lamwa oyilo zaka zambirimbiri. M'mbali mwa njira muli zigoba za magalimoto zokhazikidwa pa miyala, ndipo anyamata amakuthamangirani musanatseke n'komwe chitseko. "Bwana, chavuta n'chiyani? Mashoko? Mabuleki? Tili nazo zonse!"

Ndinalowa kumeneko Loweruka m'mawa ndili m'Hilux ya dizilo ya mnansi wanga, yomwe imakhalira kututa mbatatesi kuchokera ku Dedza. Dandaulo lake linali limodzi. Kukazizira, giya ya thuu imakana kulowa, ndipo akaikakamiza pamamveka kukukuta. Oyilo wa injini amasintha mokhulupirika, kapepala ka makilomita kali lende pafupi ndi chiwongolero. Koma makaniko, bambo wa imvi wovala ovolosi yong'ambika pabondo, atafunsa kuti wa m'giyabokosi anasinthidwa liti, mnansi wanga anangokanda m'mutu.

"Madala, kodi amenewonso amasintha?"

Bamboyo sanaseke. Anatitenga wapansi kupita kusitolo ya zipangizo, kudutsa pa chiwaya cha tchipisi ndi mulu wa masipuling'i adzimbiri. M'sitolomo zigubu zandandalikidwa mpaka kudenga, ndipo pansi pa kauntala pali mabotolo a madzi akumwa odzaza oyilo wopima, wopanda dzina, wopanda nambala. Wogulitsa atangomva za kukukuta anatsitsa chigubu cholembedwa 140. "Uyu ndiye wolemera, achimwene. Phokoso lonse litheratu."

Anthu ambiri amagwa pamenepa, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa malangizowo amamveka anzeru. Oyilo wolemera amabisadi phokoso. Koma m'giyabokosi mulibe pampu monga mu injini. Magiya omwewo akamazungulira ndiwo amamwaza oyilo kuti afike m'mabering'i ndi m'tinjira tating'ono. Oyilo wa 140, m'mawa wa mwezi wa June ku Dedza, amachedwa kufika kumeneko, ndipo giya yomwe inkakana imakaniratu. Makaniko anakankhira chigubucho pambali n'kuloza china cholembedwa 75W-90, GL-4.

Manambala oyambawo amanena za kulemera kwa oyilo: 75W akazizira, 90 akatentha. Asakuopseni kukula kwake, chifukwa oyilo wa magiya ali ndi muyeso wakewake, moti 75W-90 kulemera kwake sikusiyana kwenikweni ndi 10W-40 wa mu injini. Nkhani yaikulu ili pa zilembo zinazo. GL-5 anapangidwira difu, komwe mano a magiya amakhuzana mwamphamvu kwambiri, choncho amathiramo mankhwala ochuluka a sulufule ndi fosiforasi; n'chifukwa chake fungo lake limaboola mphuno. M'giyabokosi muli mphete za mkuwa zotchedwa synchro. Ntchito yake ndi kugwira giya, kuichepetsa kapena kuionjezera liwiro kuti ifanane ndi shafuti, kenako ilowe mwakachetechete. Mphete zimenezi zimafuna kuti zigwire, osati zitererere. Oyilo woterera mopitirira muyeso amazilepheretsa, ndipo mankhwala ena a GL-5 amadya mkuwawo pang'onopang'ono akatentha. GL-4 ali ndi mankhwalawo ocheperapo.

Musatenge izi ngati lamulo la galimoto iliyonse. Mabuku a Hilux zambiri zakale amalola GL-4 kapena GL-5, pomwe Nissan imafuna GL-4 m'giyabokosi ya Hardbody. Ma Isuzu KB ambiri amamwa oyilo wa injini m'giyabokosi, ndipo pali mapikapu ena, monga Ford Ranger zakale za ku America, omwe giyabokosi yake ndi ya manyuwo koma imafuna ATF, oyilo wofiira uja wa otomatiki. Woweruza ndi buku la galimotoyo. Tsoka lake n'lakuti galimoto ikadutsa m'manja mwa anthu atatu, bukulo limakhala litasowa kalekale, ndipo amatsala ndi mawu a wogulitsa amene akufuna chigubu chake chichoke pa shelefu. Za mabotolo a pansi pa kauntala aja sindinenapo zambiri. Chinthu chopanda nambala simungachiyerekeze ndi buku lililonse.

Galaja ya bamboyo ndi mpanda wa malata, mtengo wa mango, ndi dzenje lalitali lomangidwa ndi njerwa. Anaimika Hilux pamwamba pa dzenjelo, pamalo osapendekeka, giyabokosi ikadali yofunda ndi ulendo, chifukwa oyilo wofunda amatuluka msanga ndipo amatenga zinyalala. Ndinatsika nawo. Kunsi kuja kumanunkha dizilo ndi fumbi lopsa, ndipo matope a dzinja lathali anali atauma gwa pa chitsulo chilichonse.

Mnyamata wophunzira ntchito anafika ndi sipanala ya 24 n'kulunjika pa bawuti ya pansi. "Iwe mfana, yamba wam'mwamba!" Bawuti zilipo ziwiri, yothirira m'mbali mwa giyabokosi ndi yokhetsera pansi pake. Ukakhetsa oyilo yense kenako n'kupeza kuti yothirira yakakamira kapena mutu wake unabulungika, galimoto yagona pomwepo. Anamuonetsanso bawuti zina ziwiri chakumbuyo, za transfer case, zomwe ophunzira amasokoneza n'kukhetsa bokosi lolakwika. Yothirira ija inalimba, koma itagogodedwa pang'ono inalola. Bamboyo anapisa chala pabowo. Chinatuluka chouma.

Oyilo amene anakhuthukira m'beseni sanali wakuda monga ndinkayembekezera. Anali wotuwira ngati tiyi wamkaka. Bamboyo anayang'ana mnansi wanga. "Mumawoloka mitsinje, eti?" Giyabokosi ili ndi kabowo kopumira pamwamba, ndipo ikamira m'madzi ozizira ili yotentha imakoka madziwo. Madzi akasakanikirana ndi oyilo, mabering'i amayamba dzimbiri mwini wake osadziwa.

Kenako anatenga bawuti yokhetsera n'kutuluka nayo padzuwa. Kunsonga kwake kuli maginito, ndipo apa m'pamene makaniko weniweni amawerenga mbiri ya giyabokosi. Utuchi wachitsulo wosalala, wotuwa, wofewa ukaufikisa pakati pa zala, ndi kutha kwa masiku onse, palibe choopsa. Tizidutswa tolasa chala ndi mano a giya kapena bering'i yomwe yayamba kuswekeka, ndipo pamenepo oyilo watsopano sapulumutsa kanthu. Mkuwa sugwidwa ndi maginito, choncho anapendeketsa beseni n'kumayang'ana pansi pake. Munali timadontho tonyezimira mwagolide, tochepa koma tooneka. "Synchro ya thuu yayamba kutha," anatero. "Oyilo athandiza, koma sabweza chimene chinadyeka." Ndinawakonda bamboyo chifukwa cha mawu amenewa. Wina akanalonjeza kuti galimoto ituluka yatsopano.

Kuthira kunatenga nthawi kuposa zonse. Pamalopo chigubu sichingapendekeke, ndiye mnyamata uja anapopa ndi kapampu ka pamanja, payipi ili m'bowo, thukuta lili kamukamu. Palibe chitsulo choyezera monga pa injini. Umathira mpaka oyilo ayambe kudontha pabowo lothiriralo, basi wakwana. Inamwa malita awiri ndi pang'ono. Anaika mawashala atsopano, chinthu chotsika mtengo chomwe ambiri amachinyalanyaza kenako n'kumadabwa ndi madontho pakhonde, ndipo anamanga bawuti mosapitirira, chifukwa bokosilo ndi la aluminiyamu ndipo mazinga ake sachedwa kupululuka.

Kuseri kwa galaja kuli mgolo womwe amakhuthuliramo oyilo wakutha. Anthu amadzagula kuti akapake mitengo ya denga ndi ya khola poopa chiswe. Si onse ku Biwi amasunga chotere. Ngalande ya kuseri kwa mpandawo inali yakuda, ndipo mvula ikagwa zonsezo zimatsetserekera kumtsinje.

Tinazungulira nayo pang'ono. Thuu analowa mofewerapo, ngakhale kuti mayeso enieni ndi a m'mawa kukuzizira. Bamboyo analemba makilomita ndi mtundu wa oyilo pa kapepala kachiwiri n'kukamangirira pambali pa ka injini kaja, ndipo anauza mnansi wanga kuti dzinja likatha abwere adzaonenso, pamodzi ndi difu.

Inu amene pikapu yanu imasenza katundu ndi kuwoloka madzi, musadikire kuti giya iyambe kukukuta. Funsani nambala ya oyilo musanalipire, gulani chigubu chomata, ndipo bawuti ya maginito ija akaimasula, pemphani muione ndi maso anu.