Khola la Nyama Zam'tchire

Khola timalidziŵa kuti ndi la ng'ombe ndi mbuzi. Nyama yam'tchire ikafika pogona m'khola, ndiye kuti zinthu zafika pamwana wakana phala. Izitu n'zimene zidachitika m'mapiri a chigawo cha British Columbia, m'dziko la Canada, kwa nyama zotchedwa caribou. Nyamazi n'zamtundu wa agwape, zokhala kumadera ozizira kwambiri, ndipo zazikazi zomwe zimamera nyanga zanthambinthambi.

Mitundu iŵiri ya eni nthaka a kumeneko, a West Moberly ndi a Saulteau, idakhala ikudya nyamazi kuyambira kale lomwe. Mu 1968 damu lalikulu la W.A.C. Bennett lidamalizidwa pa mtsinje wa Peace, ndipo madzi ake adatseka njira zimene nyamazo zinkadutsamo. Ataona kuti zikuchepa, akuluakulu a West Moberly adaletsa ana awo kuzisaka. Ili linali lamulo loŵaŵa, pakuti mlenje kumuuza kuti apachike uta pamene nyama ikuyenda pamaso pake, n'kumulanda dzina lake lomwe.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kudziletsa konseko sikudaphule kanthu. Gulu la Klinse-Za, limene linali ndi nyama pafupifupi 250 m'zaka za m'ma 1990, pofika 2013 lidatsala ndi 38 zokha. Mdani sanali mlenje ayi. Anthu odula mitengo akagwetsa nkhalango yakale, pamalopo pamaphuka zitsamba zanthete zimene zimaitana agwape ena ndi zinyama zikuluzikulu zotchedwa moose. Kumene kwachuluka zimenezi, mimbulu nayo imaswana. Misewu ya kumigodi ndi ya odula mitengo idasanduka mikwaso yoti mimbuluyo izifikira msanga kumapiri kumene caribou inkabisala poswa.

Tsono mu 2014 anthu aja adamanga khola pamwamba pa phiri. Chaka chilichonse cha m'Malichi ankagwira zazikazi za bere ndi ukonde woponya ali m'helikopita, n'kukazitsekera m'kholamo. Alonda a mitundu iŵiriyo ankagona pomwepo m'kanyumba, kulondera usana ndi usiku. Kumudzi nako ntchito inalipo: akulu ndi ana omwe ankatola ndi manja ndere zouma zimene nyamazi zimakonda, n'kuzilonga m'matumba. Zidzukulu za alenje zidasanduka azamba a nyama imene sizidailaŵepo n'kamodzi komwe! Ana a nyamazo akalimba miyendo, chipata chinkatsekulidwa, ndipo ankabwerera kutchire pamodzi ndi amawo.

Mbali ina ya nkhaniyi siikoma kuikamba. Kuti ana otulutsidwawo apulumuke, mimbulu yambiri idaphedwa, ina ndi misampha ya eni nthaka, ina ndi mfuti za boma. Ena adatsutsa zimenezi, ndipo sadalakwe kwenikweni, chifukwa mmbulu udangolipira mlandu wa amene adalambula misewu. Koma kudikira kuti nkhalango imerenso kukadatenga zaka makumimakumi, pamene nyama 38 sizikadatha kudikira.

Pofika 2021 gululo lidakwana 101. Chaka cha 2020 mitundu iŵiriyo idasainirana pangano ndi boma la British Columbia ndi la Canada, loteteza malo okwana pafupifupi masikweya kilomita 8,000. Mitengo ya m'malo odulidwa kale imakula pang'onopang'ono, ndipo ndere zimachedwa koposa. Pa nthaŵi imene panganolo linkasainidwa, m'midzimo munali abambo a ana akuluakulu amene chibadwire anali asanaponyepo chipolopolo pa caribou, ndipo lamulo la akuluakulu lija linali lisanachotsedwe.