Zokwechera mapoto pamwala wa ku Kenton

Amayi anga amadziwa kuti ndili ku Joni pa sukulu, koma chimene ndimachita kwenikweni sitinamvanepo. Tsiku lina ndinawatumizira chithunzi pa WhatsApp, ine nditagwada pamwala, m'manja muli chokwechera mapoto cha pulasitiki, chija cholukanalukana ngati chisa cha mbalame. Anayankha ndi mawu, kumveka kuti akuda nkhawa ndithu: "Iwe, ndalama za sukulu zija zatha? Wayamba ganyu yotsuka mbale?"

Ndinaseka, koma kuwafotokozera kunandivuta. Zokwecherazo timazikhomera ndi misomali pamiyala ya m'mbali mwa nyanja yamchere, kufupi ndi Kenton-on-Sea ku Eastern Cape. Timazisiya masabata awiri, kenako timakazitenga, kuzitsukuluza bwinobwino, ndi kuwerenga pa maikulosikopu tiana timene tabisalamo. Tiana take ndi ta nkhono ya zigoba ziwiri imene azungu amati mussel, anzathu olankhula Chixhosa amati imbaza. Mtundu wa kuno dzina lake la sayansi ndi Perna perna.

Ine ndinakulira ku Senga Bay, ndipo ndinkati nyanja ndimaidziwa. Koma yathu ija sichoka pamalo. Ya kuno imathawa kawiri pa tsiku n'kusiya miyala poyera, ndipo imaphwa kwambiri mwezi ukakhala wathunthu kapena uli mumdima. Nchifukwa chake kalendala yanga ndi mwezi, ngati agogo.

Chimene chinandisokoneza mutu poyamba ndi kaberekedwe. Mwana aliyense wa kunyanja amadziwa kuti chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa mpaka atalimba. Imbaza ilibe nazo ntchito zimenezo. Yaikazi imangolavulira mazira ankhaninkhani m'madzi, yaimuna nayo imatulutsa umuna wake, zikakumane zokha. Zikakumana pamabadwa kanthu kosaoneka ndi maso, kosambira ndi timaubweya, kamene kamayandama masabata awiri, atatu, mwina anayi, kakudya tindere ta m'madzi. Kakafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita, kamamera kaphazi, ndipo kayenera kupeza mwala. Kholo lake silikadziwa, ndipo kukumana nalo n'koopsa: imbaza yaikulu imadya posefa madzi, ndipo chimene chalowa chalowa, ngakhale akhale mwana wa mtundu wake.

Mu 1950 wasayansi wina wa ku Denmark, Gunnar Thorson, analemba za tiana ta nyama za pansi pa nyanja ngati timeneti, n'kusonyeza kuti tambirimbiri timathera m'njira. Tina timadyedwa ndi nsomba ndi tizilombo tinzake toyandama, tina timafa ndi njala tikabadwa nthawi imene ndere zachepa, tina timakula mochedwa madzi akazizira, ndipo kuchedwa kulikonse ndi tsiku linanso pakamwa pa adani. Koma chimene ine chinandigwetsa ulesi chaka changa choyamba ndi mphepo.

Maulendo atatu otsatizana ndinabwerera ndi zokwechera zopanda kanthu. Mchenga, tizidutswa ta ndere, basi. Masabata asanu ndi limodzi a ndalama ya sukulu imene ili ndi tsiku lothera. Ndinkakhala pa maikulosikopu mpaka maso kuwawa, kumapemphera kuti mwina kamchenga aka kasanduke chigoba. Nditawauza aphunzitsi amene amandiyang'anira, anangoti zilo nayenso ndi nambala, ndilembe. Ndinatuluka mu ofesi mwawo ndili ndi mkwiyo wa munthu amene wauzidwa zoona pa nthawi yolakwika.

Kenako anandituma kukayang'ana mmene mphepo ndi kuzizira kwa madzi zinalili masiku amenewo. Apa ndi pamene Senga Bay inandithandiza. Asodzi a kwathu amadziwa kuti mwera ukawomba miyezi yozizira nyanja imasintha. Umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kum'mwera kumatumphuka madzi ozizira a pansi. Kunonso zofanana zimachitika. Mphepo ina ikalimbikira, madzi a pamwamba amachoka kugombe kulowera pakati, ozizira n'kukwera kudzatenga malo awo. Madzi ozizirawo ndi achonde, amabereketsa chakudya. Koma tiana timene tili pamwamba tikhoza kutengedwa limodzi ndi madzi othawawo, nthawi yomera phazi n'kutipeza tili kutali ndi mwala uliwonse. Tina timadzipulumutsa potsikira pansi pomwe madzi akubwerera kumtunda. Sindikunena kuti ndinatsimikiza kuti zokwechera zanga zinauma chifukwa cha mphepo yokha. Koma zilo uja anayamba kuoneka ngati ali ndi nkhani.

Kale akatswiri ankayang'ana kwambiri zimene zimachitika pamwala penipeni. Joseph Connell mu 1961 anasonyeza ku Scotland mmene mitundu iwiri ya ma barnacle, tizilombo tokakamira pamiyala ngati njerewere, imalimbiranirana malo, wina kukanikiza ndi kuzula mnzake. Ndi ntchito yokongola. Koma mu 1985, ku California, Steven Gaines ndi Jonathan Roughgarden anakumbutsa anthu chinthu chapafupi: kulimbirana kumakhalapo pomwe ana afika ambiri. Pomwe afika ochepa, chimene chimalamula ndi chiwerengero cha ofikawo. Ine ndili mbali ya awiriwa, mwina chifukwa choti ndinaonapo mwala wabwino, waukhondo, wopanda mdani, utangokhala wopanda mlendo.

Ndipo kufika sikutha kwa mavuto. Kakamata pamwala ndi timaulusi take, madzi amaphwa, dzuwa n'kukawamba. Funde limakazula. Mchenga umakakwirira. Nkhono zodya ndere zimakakokolola zikamadutsa, osati mwadala, kungoti kali panjira. Masiku oyamba amenewa amapha tambiri. Kamene kapirira mpaka kuoneka ndi kuwerengedwa pakati pa zinzake, m'mabuku athu amati kachita recruitment.

Mawu amenewa ndimawada. Ndi omwewo amene amakhala pamwamba pa malonda a ntchito amene achimwene anga akhala akuyankha kuyambira pamene anamaliza digiri yawo. Ali pakhomo, amathandiza amayi kugulitsa usipa wouma. Usiku wina titaimbirana foni ndinayesa kuwaseketsa ndi nkhani ya tiana tanga, ndikuti onani, nafenso ndife ankhaninkhani olavulidwa m'madzi. Anakhala chete, kenako anati, "Ndiye iweyo ndi amene unapeza mwala, eti?" Ndinalibe choyankha. Kuyambira pamenepo fanizo limenelo ndinalisiya. Imbaza sinalipireko fizi ya mwana wake, ndipo mphepo ilibe msuweni woti imulembe ntchito.

Chimene chandigwira mtima tsopano chili kumpoto kwa kuno, kugombe la dera limene kale linkatchedwa Transkei. Kumeneko amayi amatola imbaza kuti ikhale ndiwo, monga amachitira amayi athu ndi bonya. Pomwe yakokololedwa kwambiri, mwala umamera ndere zolimba, ndipo imbaza imavutika kubwerera ngakhale patapita zaka. Chifukwa china n'chakuti tiana timapulumuka bwino pakati pa zikuluzikulu, m'mipata momwe muli chinyezi, mthunzi, ndi pobisalira funde. Taonani msampha wake: kholo lomwe lingakumeze ukamatsika ndi lomwenso ukufunika kukhala m'mphepete mwake kuti usaume. Ku Coffee Bay anthu anayesapo kubzala imbaza zazing'ono pamiyala yoyera, kuzivindikira ndi mapaipi a pulasitiki oboolaboola mpaka zitamata zokha. Ndikadakhala ndi ndalama ya chaka china, ndikadapita kumeneko.

Ulendo wachinayi mphepo inali itagona kwa masiku angapo ndipo madzi anali ofunda. Chokwechera choyamba chimene ndinatsukuluza chinali ndi tiana 37. Ndinawerenga katatu. Pa maikulosikopu timaoneka ngati timaso ta galasi, tofiirira m'mphepete, ndipo kamodzi kanali kakadali moyo, kakutulutsa kaphazi kake kufufuza pansi pa mbale. Ndinakayang'ana nthawi yaitali ndisanakathire mu mankhwala osungira, chifukwa kuwerenga kwathu kumapha.

Ndinajambula ndi foni kudzera pa diso la maikulosikopu n'kutumiza kunyumba. Amayi anafunsa ngati zimadyedwa zikakula, ndinati eya, anati ndiye ndidzabwere nazo pa Khirisimasi adzalawe. Achimwene anaona chithunzicho, zizindikiro ziwiri zija zinasanduka za buluu, koma sanalembe kanthu. Mwezi ukhala wathunthu Lachinayi, ndipo madzi adzaphwa cham'mawa. Ndagula kale zokwechera zina khumi ndi ziwiri.