Masiku amene tinkawerenga ligi kuyambira pa nambala 2

Panali zaka zina zimene munthu ukatsegula Malawi News Loweruka sunkavutika n'kuyang'ana pamwamba pa m'ndandanda wa ligi. Unkangoyambira pa nambala 2, chifukwa mwini mpando woyamba ankadziwika kale. Kuchokera mu 1999 kukafika mu 2005, Maule, timu yathu ya Bullets, anatenga ligi kasanu ndi kawiri mosadukiza.

Ku Ndirande nyuzipepala imodzi inkakwanira khonde lonse la telala. Wina ankawerenga mokweza, wina n'kumawerengera mapointi pa bokosi la machesi: Silver Strikers ikagwa ku Mzuzu, ife n'kufanana mphamvu ndi Tigers, titsala pati? Masamu amene anatikanika kusukulu, pakhondepo tinkawakhoza. Anzathu a Nyerere, otsatira Wanderers, nawo ankakhala pomwepo, n'kumatikumbutsa kuti ndife ana awo. Apo sankanama. Bullets inabadwa mu 1967, anyamata ena atagalukira Wanderers, yomwe inali itayamba mu 1962. Mkangano wa matimu awiriwa ndi wa pachibale, n'chifukwa chake suzilala.

Ine ndinaidziwa ili Bata Bullets, pomwe kampani ya nsapato ija inkaithandiza, ndipo mpaka lero lilime limandithawira komweko. Inali nyengo ya Kinnah Phiri, munthu woti akalandira mpira pafupi ndi golo anthu ankaimirira asanamenye n'komwe. Kenaka kunabwera Lawrence Waya, tinkangoti Lule, wothyola anzake m'chiuno. Super League itayamba mu 1986, chikho choyamba chinapita kwa Bata Bullets. Osafika pa Kamuzu Stadium ankazungulira wailesi ya MBC, mabatire atawaumika padzuwa m'mawa wonse kuti akafike kumapeto a masewera.

Dzina linasinthasintha motsatira amene wagwira thumba: Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, kenaka FCB kutsogolo kwake. Malaya ofiira ndi oyera okha ndiwo sanasinthe.

Chaka chimene sindingachisinthanitse ndi china ndi 2004. Timu inali m'manja mwa Kinnah yemwe uja, tsopano ngati mphunzitsi, ndipo a Bakili Muluzi ankaithira ndalama. Pagolo Swadick Sanudi, kumbuyo Peter Mponda, m'mbali Fischer Kondowe akuthamanga osatopa. Anyamatawa anatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa n'kulowa m'magulu a CAF Champions League, komwe anakumana ndi Enyimba, Étoile du Sahel ndi Africa Sports. Sanapitirire, koma Enyimba imeneyo ndiyo inatenga chikho chaka chomwecho, choncho panalibe chochititsa manyazi. Tsiku la Pirates ngakhale ena a Manoma, a Wanderers aja, anavina, ngakhale lero mukawafunsa akana.

Ndalama zitaphwa, osewera ambiri anawolokera ku South Africa, timu n'kuyamba kuyenda ndi mbale yopemphetsa. Apo m'pamene tinaphunzira kufufuza dzina lathu pakati pa m'ndandanda, chala chikutsetsereka. Zinkawawa, komabe ndinene chilungamo: ligi inakoma. ESCOM United inatengako, Silver inalamulira, ndipo mu 2016 asilikali a Kamuzu Barracks anadabwitsa dziko lonse.

Adzukulu anga amati Bullets yeniyeni ndi ya Kalisto Pasuwa, mphunzitsi wa ku Zimbabwe amene anatenga ligi kasanu motsatizana mpaka 2023. Amandionetsa mapointi pa foni mpira usanathe n'komwe. Sindikangana nawo kwambiri, ndimangowafunsa kuti zisanu ndi zisanu n'ziwiri zochuluka n'ziti. Ndipo amene anawadula ulendowo mu 2024 ndi Silver Strikers, mphunzitsi wake ali Peter Mponda, mwana wa m'nyumba yomweyi.