Zimene oyendera mipingo ankalemba m'mphepete

Ntchito yanga ndi kumata ndi kuwerenga mabuku akale a mipingo, makamaka aja ankalemba abusa ndi ansembe poyendera masukulu a m'midzi ndi nyumba zopemphereramo. Amandipeza atadyedwa ndi chiswe, mapini atachita dzimbiri. Ndimayamba ndi kuchotsa mapiniwo ndi selotepi, imene ndimadana nayo chifukwa imasiya chikasu papepala. Pong'ambika ndimamata ndi kapepala kopyapyala ka ku Japan ndi phala la tirigu, loti limamatuka ukalinyowetsa.

Povuta ndi powerenga. Amishoni a Dutch Reformed amene anafika ku Mvera mu 1889 ankalemba zambiri m'Chidatchi, kenako m'Chiafirikana. A White Fathers, amene anakhazikika ku Mua mu 1902, ankalemba m'Chifalansa. Dzina la mudzi aliyense ankalilemba mmene khutu lake lamvera, moti mudzi umodzi umaoneka ngati itatu mpaka nditakafunsa akuluakulu a komweko.

Woyendera sankabwera kudzalemba mbiri. Ankafuna zolakwika: denga likudontha, mphunzitsi sakuitana mayina, chopereka chachepa, uje wadulidwa chifukwa cha mitala kapena kufulula mowa. Wongomeza zimenezi angayese kuti mudzi wonse unali wa zidakwa, pomwe amene ankangolima n'kumapemphera osavuta munthu sanalowe m'bukumo. Ine ndimasaka chifukwa chimene wolembayo wachiponya kumapeto kwa dandaulo lake. Akati amuna sakuoneka pa mgonero, pafupi pomwepo pamakhala Salisbury kapena migodi ya ku Joni. Sukulu ikatsekedwa kumapeto kwa 1918, ndi mliri wa chimfine uja. Akati anyamata athawira kudambwe la nyau, ndimadziwa kuti nyakwawa inali isanagonje, monga zinalili m'midzi yozungulira Mua m'zaka za m'ma 1920, nkhani imene wofufuza Ian Linden anaifukula m'mabuku a ansembe omwewo.

Komatu ambiri ondifuna masiku ano sabwerera nyau. Amafuna chaka chimene mudzi wawo unayamba kutchulidwa, chifukwa kwa gogo chalo kuli mlandu wa ufumu kapena wa malire. Ndimawaonetsa tsambalo ndi deti lake, n'kuwauza kuti akayerekeze ndi mabuku a DC ku National Archives ku Zomba, poti umboni wa mlendo wongogona usiku umodzi sukwana pawokha. Masamba a anthu odulidwa okha ndiwo sindilola kujambula, chifukwa zidzukulu zawo zikupempherabe m'mipingo yomweyo.