Oyimba a m'Wailesi ya Agogo

Ku Meluluca, m'mphepete mwa nyanja ya Niassa, kunali mtsikana wa zaka 7. Anali kukhala ndi amayi ake ndi agogo ake aamuna. Nyumba yawo inali pafupi ndi mathandala oyanikapo usipa.

Agogo anali ndi wailesi yakuda. Inali yakale ndithu. Kacitseko ka mabatire kanathyoka, ndipo agogo anakamanga ndi mphira. Mabatire akafooka, agogo anali kuwaika padzuwa, pambali pa usipa. Madzulo wailesi inali kulankhulanso pang'ono.

Mtsikanayo analibe nazo nchito nkhani za m'wailesi. Iye anali kudikira nyimbo za Massukos basi.

Kodi mukuwadziwa a Massukos? Ndi gulu la oyimba la ku Lichinga, m'cigawo cathu comwe cino ca Niassa. Anayamba m'caka ca 1994, patapita zaka ziwiri nkhondo itatha. Dzina lawo analitenga ku masuku, zipatso zomwe timatola kuchire. Anatenga nyimbo za kwathu naziyimba ndi magitala amagetsi, m'Ciyao, m'Cinyanja ndi m'Cimakuwa. Mu 2001 anatulutsa cimbale cawo coyamba, Kuimba kwa Massuko. Mtsogoleri wawo anali a Feliciano dos Santos.

Mtsikanayo anali asanawaonepo. Koma m'mutu mwake anali atawajambula kale. A Feliciano anali aatali ngati mlambe. Anali ndi miyendo yamphamvu ngati ya asodzi okoka khoka.

Za miyendo anali kuziganiza kawirikawiri, cifukwa mwendo wake wamanzere unali waufupi ndi woonda kuyambira ali khanda. Poyenda anali kutsimphina. Ana ena anali kumutsatira pambuyo, akutsanzira kayendedwe kake. Amayi a m'mudzi akamavina ciwoda, iye anali kukhala pa bwato lovundikira n'kumawomba m'manja. Kuvina anali kuvina, koma m'nyumba, citseko cili citsekere. Agogo okha ndiwo anali kudziwa.

Tsiku lina, nthawi ya masuku, amalume ake anabwera. Iwo anali kugula usipa wouma ndi kukagulitsa ku Lichinga.

"Loweruka a Massukos ayimba pabwalo ku Lichinga," anatero amalume. "Mwanayu ndipite naye."

Amayi anakana. "Acimwene, ulendowo ndi wautali. Kumtunda kumazizira. Nanga mwendo wakewu? Nanga ndalama ya galimoto?"

Agogo sanayankhe msanga. Analowa m'nyumba, natuluka ndi kansalu komanga mfundo. M'menemo munali ndalama yogulira mabatire atsopano.

"Wailesi ipume mwezi uno," anatero agogo. "Iwe mdzukulu wanga, pita. Ukaone ndi maso, ndipo udzandiuze zonse."

Ananyamuka nkhuku zisanatsike. Anakwera boti ndi matumba a usipa mpaka ku Metangula. Kumeneko anakwera galimoto. Mseu unakwera mapiri, unakhota, unakweranso. Mtsikanayo anaceuka naona nyanja ili pansi, yosalala ngati mbale. Pa Maniamba amalume anamugulira masuku. Anadya atatu, ndipo awiri anawamanga pa kapulana kuti akapatse agogo.

Lichinga ili pamwamba, mamita oposa 1,300 kucokera pa nyanja yamcere. Kuli mitengo ya paini. Dzuwa litapendeka, mphepo inayamba kuluma. Mwana wa kunyanja saidziwa mphepo yotere! Amalume anavula jekete namuveka. Manja a jeketeyo anali kulendewera mpaka m'mawondo.

Pabwalo panali anthu ambiri, kuposa anthu a pa zikwati zonse za ku Meluluca. Mtsikanayo sanaone kanthu. Kutsogolo misana, kumbuyo mimba, pansi mapazi ndi fumbi.

Mwadzidzidzi panamveka kugunda. Du! Du! Du! Mawuwo sanalowere m'makutu mokha. Analowa m'cifuwa, nagwedeza nthiti. Wailesi ya agogo inali isanacitepo zotere. Mtsikanayo anatseka makutu ndi manja a jekete.

"Amalume, tiyeni tizipita kwathu," anatero, misozi ili m'maso.

"Wafika pa gombe, ndiye ukana kusamba?" anatero amalume. Anamunyamula namukhazika pamapewa.

Apo ndiye anaona. Anaona mabokosi aakulu akuda, aatali kuposa munthu, m'mene munali kutuluka mawu. Anaona zingwe zili pansi ngati zingwe za ukonde. Anaona magitala owala. Cimene cinamudabwitsa kwambiri ndi munthu wa ng'oma. Kwathu munthu mmodzi amayimba ng'oma imodzi. Uyu anali atakhala pa mpando, ng'oma zitamuzungulira. Manja anali kumenya ndi timitengo, phazi nalo linali kumenya yake. Mtsikanayo anayesa kuziwerenga ng'omazo, koma anasokonezeka.

Kenaka anthu anakuwa. Bambo wina anatulukira, gitala lili pacifuwa. Sanali wamtali ngati mlambe. Anali munthu ngati amalume. Ndipo poyenda anali kutsimphina.

Mtsikanayo anacotsa manja m'makutu.

"Amalume, bambo awo ndani?"

"Ndiwo a Feliciano amene."

"Iyayi amalume, si iwo."

Bambowo anayandikira cinkuzamawu nayamba kuyimba. Anali mawu omwe aja. Mawu a madzulo, a pakhonde, a m'wailesi yomanga ndi mphira. Mtsikanayo anayang'ana pakamwa pawo, nayang'ana mwendo wawo, nayang'ananso pakamwa.

Wailesi imanena zambiri, koma ici inali isanamuuze. A Feliciano anadwala poliyo ali mwana. Poliyo ndi matenda amene amayenda ndi madzi akuda ndi manja osasamba, ndipo amapuwalitsa miyendo. N'cifukwa cake bambowa anayimba kwambiri za madzi ndi ukhondo. Ndi anzawo a bungwe la Estamos anayenda m'midzi ya Niassa kuphunzitsa za zitsime ndi zimbudzi zothiramo phulusa ndi dothi. Mu 2008 analandira mphoto ya Goldman ku America cifukwa ca nchitoyo. Koma izi mtsikanayo anazimva pambuyo pake, atakula. Usiku umenewo iye anaona cinthu cimodzi cokha: munthu woyenda ngati iye, ali kutsogolo, ndipo palibe womutsanzira.

Gululo linayamba nyimbo yochuka ija, Tissambe Manja. Bwalo lonse linayimba nawo. Agogo aakazi, anyamata a njinga, amayi obereka ana, onse anali kupotokola manja m'mwamba ngati akusamba. Mapewa a amalume anali kukwera ndi kutsika ngati bwato pa mafunde.

"Amalume, nditsitseni."

"Suona kanthu pansipo, mwana iwe."

"Nditsitseni basi."

Anamutsitsa. Oyimba sanawaonenso, n'zoona. Anapinda manja a jekete nayamba kuvina. Poyamba anavina pang'onopang'ono, maso ali uku ndi uku. Panalibe womuyang'ana. Aliyense anali ndi kwake kuvina. Ndiye anavina monga anali kucitira m'nyumba. Anagwa kamodzi. Mayi wina wosamudziwa anamudzutsa, namusasa fumbi, ndipo anavina naye mpaka nyimbo inatha.

Masuku awiri aja anaphwanyika pa kugwako. Kapulana yonse inali nomenome.

Anafika ku Meluluca Lolemba madzulo, asodzi akukonza nyali zopitira kunyanja. Agogo anali pakhonde. Wailesi inali pambali pawo, ili cete.

"Wabwera, mdzukulu wanga. Tandiuza, unaona ciyani?"

Mtsikanayo ananena za mapiri, za mphepo, za munthu wa ng'oma zambiri. Anapepesa za masuku. Kenaka anaimirira.

"Agogo, taonani. A Feliciano amayenda conci."

Anayenda kucoka pakhonde mpaka pa thandala, nabwerera. Sanasinthe kanthu. Anayenda monga amayendera masiku onse.

Agogo anamuyang'ana nthawi yaitali. Amayi, amene anali kupeta mpunga, anasiya kupeta.

Ana otsanzira aja sanaleke onse. Awiri kapena atatu anapitiriza, ana ndi ana. Koma pa ciwoda cotsatira, pa bwato lovundikira panakhala agogo okha. Mtsikanayo anali mu mzere, kumapeto, pambuyo pa amayi ake.

Mwezi wonse wailesi sinalankhule. Madzulo aliwonse, akatha kudya nsima, agogo anali kutenga cidebe copanda madzi ndi kucivundikira pakati pa mawondo. Mtsikanayo anali kuimirira pabwalo ndi kuyimba nyimbo za Massukos, imodzi imodzi, monga anazimvera ku Lichinga. Mawu a Ciyao amene sanawagwire bwino anali kungong'ung'udza.

"Kweza mawu, wailesi iwe," anali kutero agogo, akumenya cidebe. "Mabatire ako afooka kodi?"